Link yolipiridwa ndinaiika chizindikiro

Ndimaperekeza alendo pa phiri la Zomba, ndipo ndili ndi webusaiti yaing'ono yofotokoza njira zopita ku Chingwe's Hole, Williams Falls ndi ku damu la Mulunguzi. Eni malo ogona amandipempha kuti ndiikepo ma link a malo awo, mawu omwe munthu akadina amafika pa webusaiti yawo. Ambiri ndimawadziwa, ndinagonekako alendo anga ndipo anadzuka osadandaula. Koma bambo wina anabwera ndi ndalama, malo ake ndisanawapondeko n'komwe.

Google imatenga link ngati umboni. Kuyambira 1998, pamene Larry Page ndi Sergey Brin anayambitsa kampaniyi ndi njira yawo ya PageRank, tsamba lomwe ena ambiri akulilozera limakwera anthu akamafufuza. Ndiye ndikaika link, ndiye kuti ndaima pabwalo n'kunena kuti awa ndikuwadziwa. Ndalamazo ndinalandira, kutsatsa malonda si mlandu. Chomwe sindinalole n'choti dzina langa likweze malo omwe sindinawaone.

Ndinabwereka laputopu ya mlamu wanga ku Matawale, poti pa foni timalemba take timachepa kwambiri. Mu WordPress, pulogalamu yomwe ndimakonzera webusaiti yanga, ndinatsegula tsambalo, n'kudina ndime yomwe muli link ija, kenako timadontho titatu, n'kusankha "Edit as HTML". Apa mumaona mafupa a link: chilembo a, kenako href, kenako adiresi. Adiresi ikatha ndinasiya kampata kamodzi n'kulemba rel="sponsored", chizindikiro cha > chisanatseke; mawuwa amauza Google kuti link ndi yolipiridwa, si umboni wanga. Chenjerani ndi timizere ting'onoting'ono (" ") timene tazungulira mawu oti sponsored. Tilembeni nokha pa kiyibodi kuti tikhale towongoka, chifukwa mukakopera mu Word timabwera topindika ndipo zonse zimafera pomwepo popanda chokuuzani.

Nditasunga, ndinatsegula tsambalo ngati mlendo, n'kudina Ctrl ndi U kuti ndione zolembedwa zamkati, kenako Ctrl ndi F n'kufufuza sponsored. Zinalipo.

Zizindikirozi zilipo zitatu. Nofollow, youza Google kuti link isaitenge ngati umboni, inabwera mu 2005, Google itagwirizana ndi Yahoo ndi MSN kuti athane ndi anthu omwaza ma link paliponse pofuna kukwera mwachinyengo. Mu 2019 Google inawonjezera sponsored ya ma link olipiridwa ndi ugc ya omwe aikidwa ndi anthu ongodutsa pa tsamba lanu. Ine ndimagwirizana nazo kwathunthu: munthu amene wadziikira yekha link, kapena wagula malo, asadyere mbiri ya mwini tsamba.

Ma link a malo omwe ndimawadziwa ndinawasiya opanda chizindikiro, amenewo ndikuwayimira ndi mtima wonse.

Bambo aja anandiimbira kuti mnyamata wawo wa kompyuta waona chomwe ndachita. Ndinawauza kuti link ikugwira ntchito, mlendo akadina afika kwa iwo ndithu. Ngati akufuna yopanda chizindikiro, ndiwabwezera ndalama zawo, ndipite kaye ndikaone zipinda, madzi ndi zofunda.