Tiagalu tathu tatsegula maso

Abale anga, galu wathu uja anaswa tiana 7 masabata awiri apitawa, koma kamodzi kanafa usiku wachiwiri ndi kuzizira kwa mu Juni kuno, zinandiwawa kwambiri moti tsiku lomwelo ndinatisamutsira kukhitchini, mukatoni, pansi ndinayala chiguduli ndi bulangete lakale. Lero m'mawa ndapeza tonse 6 tatsegula maso, timaso totuwira ngati tabuluu, ngakhale kakang'ono kaja kamene anzake amakakankha pa bere nako kakuyang'ana mwakachetechete. Kameneko ndimachita kukagwirizira ndekha pa mabere akumbuyo chifukwa ndi amene amakhala ndi mkaka wambiri.

Make akudya za agalu awiri, phala la mgaiwa lothira usipa wosinja katatu patsiku, madzi osasowa pambali. Mawa ndikukagula mankhwala a njoka zam'mimba kwa a vetenale, tikakwana masabata 6 katemera wa parvo (matenda a agalu osanzitsa ndi kutsegulitsa m'mimba), wa chiwewe pa miyezi itatu. Inu amene mwayamba kale kuimba kuti ndikusungireni kamodzi, dikirani kaye mpaka masabata 8 chonde, panopa tikadayamwa, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegulitsa m'mimba tiana ta galu.