Matewera anga anakana madzi pa ukwati wa ku Limbe

Kunyumba kwathu ku Chilomoni tili ndi matewera ansalu 24, aja okhala ngati thaulo, timakabudula tapulasitiki 4, mapini 6 ndi ndowa ziwiri zovundikira za malita 20. Ndikutchula nambala chifukwa kale matewerawo analipo 26. Awiriwo ndinawaotcha ndine.

Zosiya matewera otaya, aja aliyense amangoti mapampasi ngakhale atakhala a kampani ina, anayambitsa ndi mayi a kunyumba. Masamu awo anali osavuta. Mwana wa miyezi 7 amasinthidwa ka 6 mpaka ka 8 patsiku, ndiye pamwezi mukunena matewera 180 mpaka 240. Nanga onsewo mukawataya kuti? Mukaponya m'chimbudzi chokumba saola, amangofufuma, dzenje nkudzaza msanga, ndipo anthu opopa aja akawaona amayamba aguguda pachifuwa kenako nkukweza mtengo. Kudzala agalu amafukula nkukawasiya pakhomo pa aneba. Kuwaotcha sapsa chifukwa amakhala atamwa madzi, mumangofukiza mudzi wonse ndi utsi wa pulasitiki. Mvula ikagwa amatsetsereka m'ngalande mpaka kukapezeka mu mtsinje wa Mudi. Ofika kumtaya ku Mzedi ndi amwayi.

Ndondomeko ya mayi ndinkaidziwa, poti ndinkaiona tsiku ndi tsiku. Thewera likachoka pa mwana, chimbudzi chimakokoledwa nkukatayidwa kuchimbudzi, nsaluyo nkuitsukuluza kaye ndi madzi ozizira. Otentha ayi, chifukwa amaphikira banga mu nsalu, silichokanso. Kenako limalowa m'ndowa, la mkodzo wokha kwake, linalo kwake, chivundikiro thi, kuopa ntchentche komanso kuopa mwana wokwawa kugweramo chamutu. M'ndowamo asapitirire masiku awiri. Pochapa ndi sopo wamtanda, kutsukuluza katatu mpaka thovu litatheratu, kufinya, kukutumula, kuyanika pachingwe padzuwa. Dzuwa ndi lomwe limayeretsa mabanga achikasu aja. Pomaliza kusita, chifukwa kuli ntchentche ina imene imaikira mazira pa zovala zachinyezi zonunkha mkodzo, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, mphutsi zake nkulowa pakhungu la mwana ngati chithupsa. Simbi yotentha imapha mazirawo.

Zonsezi ndinkazidziwa. Vuto langa linali lofuna kuonjezerapo nzeru.

Lachinayi lina mu Julaye mayi anapita ku Limbe kukathandiza zokonzekera ukwati wa mng'ono wawo, mwana kumbuyo, matewera 6 m'chikwama. M'ndowa munatsala 16 akuda, mu sutukesi 4 oyera.

"Bambo, muchape lero lomwe, Loweruka mubwere nawo ouma. Musachite zina, mungochapa mmene ndimachapira."

Atangokhota pakona ndinalowa mu golosale. Kwa nthawi ndithu ndinali ndikudandaula mumtima kuti matewera athu amauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe, ndiye ndinagula botolo la mankhwala aja ofewetsa ndi kununkhiritsa zovala, komanso paketi ya sopo waufa. Sopoyo ndinathira manja atatu odzaza m'bafa, thovu mpaka m'zigongono. Ndikutsukuluza koyamba, mpopi unatsokomola kawiri nkukhala chete. Madzi otsala mu mgolo anali a bafa limodzi lokha. Ndinati palibe kanthu, mankhwalawa akonza. Pabotolo analemba kuti kachivundikiro kamodzi. Ine ndinathira tinayi, poti mwana ndi wanga. Ndipo kuti onse anunkhire mofanana, ndinakatenga oyera 4 aja mu sutukesi nkuwaviikanso momwemo. Apa ndiye ndinatseka khomo lothawira.

Ndinayanika matewera 20 pachingwe, mzere wokongola ngati mbendera, mayi a landilodi nkumayamikira fungo. Pofika 2 koloko phiri la Michiru linali litasowa. Chiperoni. Anthu a ku Blantyre akudziwa kamvula aka kowaza kochokera cha ku Mozambique, kosanyowetsa munthu kwenikweni koma kosalola chilichonse kuuma. Thewera la thaulo dzuwa likakhala bwino limauma tsiku limodzi. Pa chiperoni likhoza kukhala masiku atatu likadali lozizira ngati mphuno ya galu.

Lachisanu madzulo ndinawasamutsira m'nyumba. Ndinamanga chingwe kuchokera pa zenera kukafika pa msomali wa kalendala, ena pamipando, ena pa chitseko, nkusonkha mbaula pakati, mazenera otsegula chifukwa makala m'nyumba yotseka amapha. Munthu wanzeru amaika nsalu patali ndi moto, mwina mita imodzi, nkumatembenuza. Ine ndinaona kuti zikuchedwa, ndiye awiri ndinawayala pa waya wootchera chimanga, pamwamba penipeni. Foni inalira. Anali mayi, kufunsa ngati auma. Ndili mkati monena kuti zonse zili m'chimake, ndinamva fungo ngati munthu akuwamba mbewa. Limodzi linali ndi bowo loti mutu wa mwana nkudutsa, linzake lasanduka lofiirira ngati chitumbuwa. Ndinawakwirira pansi pa dzala usiku womwewo.

Otsala 18 ndinawaumitsa ndi simbi ya makala chifukwa magetsi anali atapita. Kusita thewera lachinyezi ndi ntchito ya mphindi 10 lililonse, nthunzi kumaso, ndiye werengani nokha kuti ndinagona nthawi yanji. Koma zoona zake anatuluka ofewa ngati ubweya wa kalulu. Ankanunkhira maluwa osakanikirana ndi utsi, ngati usipa wopakidwa perefyumu, komabe ndinawapinda mwaulemu nkuwaika m'chikwama ndikudzitama.

Loweruka ku holo, mayi anali pa kalikiliki ndi za chakudya, ndiye mwana anandipatsa ine. Ndinapita naye kuseri kukamusintha. Kupinda ndimatha: nsalu ya makona anayi mumaipinda ngati kaiti, mbali yokhuthala kutsogolo ngati ali mnyamata, pini kulowetsa chopingasa zala ziwiri zili mkati pakati pa nsalu ndi mimba kuti ukabaya uzibaye wekha. Zimenezo ndinakhoza. Koma poona kuti kukuzizira ndinamupaka vaselini wochuluka ngati ndikupaka buledi wa alendo, ndipo kansalu kopyapyala koyala mkati kaja ndinakaiwala ku Chilomoni. Povala kabudula wapulasitiki, kakona kena ka thewera kanatsalira kunja pantchafu. Ndinakaona, nkunena kuti kachepa.

Nthawi ya perekaniperekani itakwana, woyendetsa mwambo anaitana alamu onse a mkwatibwi. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwana ndisiyire ndani. Pafupi panali malume a mayi a kunyumba, omwenso anali ankhoswe a tsikulo, atavala suti yoyererako ngati mkaka wa m'chitini, yoti anaisunga chaka chonse.

"Bwera naye kuno mdzukulu wangayo, iwe pita ukavine."

Anamukhazika pamwendo nkumamudumphitsa motsatira nyimbo. Ine ndinalowa m'bwalo ndi timakwacha tanga tosinthasintha, kuponya kamodzikamodzi kuti ndichedwemo. Ndikutembenuka, ndinaona malume asiya kudumphitsa mwana. Anamunyamula m'mwamba ndi manja awiri ngati akumupereka nsembe, maso ali pa thalauza. Mapu anayambira pantchafu, kutsika pabondo, mpaka kukalowa mu sokosi. Sikunali kudontha kwa thewera lodzaza ayi. Zinkaoneka ngati mwanayo sanavale kanthu.

Nthawi yomweyo woyendetsa mwambo anati: "Tsopano tilandire ankhoswe akuchikazi adzatilankhule!"

Malume anayenda mpaka kutsogolo atagwira pulogalamu ya ukwati pantchafu ngati chishango, nsapato imodzi ikulira fwatafwata. Anayamba ndi mawu oti mwana akakuipitsira pamwendo sudula mwendowo. Holo yonse inaombera m'manja poganiza kuti ndi malangizo a banja latsopano. Ojambula kanema sanaphonye kalikonse.

Kuseri kwa holo kunakhala bwalo la milandu. Apongozi anga aakazi, omwe analera ana 7 ndi matewera ansalu, anamuvula mwana nkugwira thewera. Mkati munali mouma.

"Bambo, thewera ili mwalitani?"

"Ndangochapa, amayi."

Sanayankhe. Anatenga lina loyera m'chikwama, kulinunkhiza, kuliyala pa benchi, nkuthirapo madzi a m'botolo pang'ono. Madziwo anaundana timipira, kugubuduka ngati pa tsamba la koko, nkugwera pansi. Anayesa lachiwiri, chimodzimodzi. Poyesa thewera lachisanu ndi chimodzi, mayi a kunyumba anali atafika, manja m'chiuno, ndipo azimayi ophika anali atasiya miphika kudzaonerera.

Apongozi anafotokoza mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade 1. Mankhwala ofewetsa aja amagwira ntchito pokuta ulusi ndi kamafuta, nchifukwa chake nsalu imaterera m'manja. Pa malaya palibe vuto. Pa thewera, ulusi wokutidwa sumwa madzi. Sopo waufa wosatsukuluzika amatsalira mu ulusi momwemo, ndipo akakumana ndi mkodzo amatulutsa fungo loboola mphuno komanso amatupitsa khungu la mwana. Vaselini akakhudza nsalu mwachindunji amamata ngati phula, nchifukwa chake pamafunika kansalu koyala mkati. Simbi yanga ija inangomatiriza zonsezo bwinobwino. Mkodzo utasowa kolowa unatsata kakona kotsalira kunja kaja, komwe kanakhala ngati paipi yolunjika pa suti ya malume. Kuuma gwa komwe ndinkadana nako kuja, anati mankhwala ake ndi kukutumula thewera mwamphamvu musanayanike, nkulifikisa m'manja likauma. Basi. Zaulere.

Mwana anamaliza ukwati atavala chitenje cha apongozi chopindidwa kanayi, ndipo sichinadonthe.

"Nanga awiri ali kuti?" Awa anali mayi, titafika kunyumba, atawerenga kawiri.

Ndinati mwina agalu. Tsoka ilo agalu omwewo anali atafukula kale kudzala, thewera labowo lija lili pakhomo pa a landilodi.

Kubwezeretsa matewera 18 kunanditengera Lamulungu lonse ndi migolo iwiri ya madzi. Amachapidwa m'madzi otentha opanda sopo, kufikisa, kutaya, kubwereza mpaka madzi asiye kuchita thovu ndi kuterera. Kwa ine kanali kasanu. Pomwe panali vaselini pamafuna kupaka sopo wamtanda nkupukusa ndi burashi. Kenako kuwawiritsa mphindi 10 mu chitini chakechake, osati mumphika wa nsima, ndipo potsukuluza komaliza kuthira theka la kapu ya vinega m'ndowa ya malita 20. Vinega ndi jiki zisakumane, mpweya wake ndi woopsa. Makabudula apulasitiki sawiritsa ndiponso sasita, amangofuna madzi ofunda ndi mthunzi. Ichi ndinachidziwa nditaponyamo kamodzi m'chitini, nkutuluka kokwinyika koti kangakwane chidole. Ndiye pamwamba paja ndikanati makabudula analipo 5. Pomaliza lililonse limayesedwa ndi supuni ya madzi: akalowa nthawi yomweyo lachira, akagubuduka libwerere m'chitini.

Botolo lija lili pawindo la kubafa, mayi anakana kulitaya, akuti ndiziliona. Suti ya malume ndinalipira kochapitsa m'tauni. Mwezi watha anabwera kudzationa, mwana nkuwakwawira mpaka pamapazi atakweza manja. Malume anawerama, nkuima panjira, nkuyang'ana mayi a kunyumba.

"Lavalali wachapa ndani?"