Katsamba kanga ka mavoti: sabata yachisanu ndi chimodzi

Katsamba kaja kakadali moyo, ngakhale Lachiwiri kanagona tsiku lonse, magetsi atazima ndisanasunge zomwe ndinasintha. Kwa amene mwangondipeza kumene: ndikuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, madzulo ndikaweruka, ndiye ndinapanga malo pa intaneti oti anzanga aziikapo nkhani za kuno ku Zomba, ena n'kumavota. Yamavoti ambiri imakwera pamwamba, mkonzi palibe. Nzeruyi ndinachita kubwereka ku masamba ena a pa intaneti: Digg inayamba choncho mu 2004, Reddit mu 2005, Hacker News mu 2007.

Pano tilipo 31, ambiri a ku Matawale ndi Chinamwali, kuphatikizapo ophunzira angapo a ku Chirunga.

Chokoma chake ndachiona. Kankhani ka mtengo wa chimanga pamsika wa Songani kanakhala pamwamba masiku awiri, zolankhula za andale zili pansi. M'nyuzipepala kakanabisala m'kati, pafupi ndi zotsatsa malonda. Tsiku limenelo ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Koma walira mvula walira matope. Ndakhala ndikulemba m'kope nthawi yomwe nkhani iliyonse yaikidwa, ndipo zomwe ndapeza zandigwetsa ulesi. Yoikidwa cha m'ma 6 koloko m'mawa, anthu ali m'minibasi foni ili m'manja, imatola mavoti atatu mwamsanga. Ikangofika pamwamba, aliyense wobwera amaiona yoyamba n'kuwonjezera yake, nthawi zina asanaiwerenge n'komwe. Yoikidwa usiku imafera pansi. Si ife tokha ayi: kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2013 anapeza kuti voti imodzi yoyambirira yoyamikira, yongoperekedwa mwachisawawa, inkakweza mavoti omaliza ndi pafupifupi 25 peresenti. Anthufe timatsata khamu ngati mbuzi zopita kudambo.

Mlamu wanga amapikula matemba ku Kachulu. Analemba bwinobwino za momwe madzi a m'nyanja ya Chilwa akubwerera m'mbuyo, mabwato akukocheza kutali ndi pomwe ankaima. Kwa munthu amene akukumbuka mmene nyanjayi inaphwera mu 1995, imeneyo si nkhani yamasewera. Inapeza mavoti awiri, imodzi ndi yanga. Anandiimbira. "Alamu, asodzi anu ovotawo ali kuti? Bandulo aitenga kuti?" Ndinasowa chonena. Mavoti anga akuwerenga anthu okhala ndi netiweki ndi nthawi, osati okhudzidwa ndi nkhaniyo.

Choopsa chinachitika Lachinayi. Wina anaika mphekesera yoti mnyamata wakutiwakuti ndi amene akuba njinga za kabaza, dzina ndi chithunzi chomwe. Ola lisanathe inali ndi mavoti 14, kuposa nkhani ina iliyonse chiyambire. Umboni panalibe. Ndinaichotsa manja akunjenjemera, ndikukumbukira kuti mu 2013 a Reddit anachita kupepesa, anthu a patsamba lawo atalozera chala wosalakwa pa za mabomba a ku Boston, ku America. Kuno wogwidwa dzina la wakuba sadikira khothi. Ndiye onani, ine amene ndinkanyadira kuti mkonzi palibe, ndakhala mkonzi.

Zomwe ndakonza sabata ino ndi ziwiri. Nambala ya mavoti siioneka maola awiri oyamba, kuti munthu avote ndi mutu wake. Chachiwiri ndatengera a Hacker News: mavoti amagawidwa ndi maola omwe nkhani yakhala, motero yakale imatsetsereka yokha. Poyamba ndinalakwitsa masamu, nkhani zonse zinatembenuka, yadzana n'kukhala pamwamba. Ndinazindikira 11 koloko usiku, tiyi atazizira.

Za batani lovotera kuti nkhani itsike ndayamba ndazisiya. Tikudziwana tonse, ndipo mawa tikumana mumsika.

Loweruka ndikupita ku Kachulu. Mlamu akuti andisonkhanitsira anyamata anayi okhala ndi foni zazing'ono za mabatani, tiyese ngati angathe kuvota ndi uthenga wa SMS. Mmene ndilumikizire zimenezo ku laputopu yangayi, ndiyamba kuwerenga usiku uno magetsi akalola.