Kodi chiphaso cha wokonza m'kati mwa nyumba chimateteza ndani?

Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito yokonza m'kati mwa nyumba, funso limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti, kodi munthu angafunirenji chiphaso kuti asankhe mtundu wa penti ndi makatani? Funsoli ndi lomveka ndithu, koma limaphatikiza ntchito ziwiri zosiyana. Pali wokongoletsa, amene amaona za mitundu, mipando ndi nsalu. Palinso wina amene amajambula mapulani osonyeza pamene khoma logawa zipinda lidutse, kukula kwa njira yodutsamo anthu, mbali imene chitseko chizitsegukira, ndiponso zipangizo zoika ku siling'i ndi m'makoma. Woyambayo akalakwitsa, mwini nyumba amangokhumudwa, koma wachiwiriyu akalakwitsa mu holo yolowa anthu mazanamazana, mapeto ake ndi maliro.

Sindikukokomeza ayi. Mu 1942 moto unabuka m'nyumba yachisangalalo ya Cocoanut Grove mumzinda wa Boston ku United States ndipo unapha anthu 492. Nsalu zimene anakutira nazo siling'i ndi mitengo yochita kupanga imene anakongoletsera malowo zinayaka mofulumira kwambiri, chitseko chozungulira cha pakhomo lalikulu chinatsekeka ndi anthu opanikizana, pomwe zitseko zina zinali zokhoma kapena zotsegukira m'kati. Mu 2003 zangati zomwezo zinachitikanso m'nyumba ina yachisangalalo yotchedwa The Station, m'chigawo cha Rhode Island m'dziko lomwelo, kumene siponji yomata m'makoma pofuna kuchepetsa phokoso inagwira moto n'kutulutsa utsi wakupha, ndipo anthu 100 anafa. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zinthu zonsezi zinachita kusankhidwa ndi munthu, mwina wofuna zabwino, koma wosadziwa mmene zimayakira.

N'chifukwa chake ndimalemekeza mayeso a okonza m'kati mwa nyumba otchedwa NCIDQ, amene bungwe lake linakhazikitsidwa mu 1974 ndipo amagwiritsidwa ntchito ku United States ndi ku Canada. Kuti munthu alandire satifiketi yake, amayenera kukhala ndi maphunziro oyenera, kugwira ntchito kwa nthawi yoikika, ndi kukhoza zigawo zitatu za mayesowo. Sayesa ngati munthu ali ndi diso la zokongola. Amayesa malamulo a zomangamanga, njira zothawira moto, ndi zinthu monga malo okwanira kuti njinga ya munthu waulumali itembenuke bwinobwino m'chimbudzi.

Komabe amene amatsutsa ziphaso sakulankhula zopanda pake. Amati lamulo likakhwima kwambiri limasanduka mpanda wotchingira anthu atsopano, makamaka osauka amene sangakwanitse kulipira sukulu yaukachenjede, ndipo opindula amakhala amene analowa kale. M'chigawo cha Florida, ku United States, nkhaniyi inafika mpaka kukhoti. Mu 2011 khoti la apilo linagamula kuti lamulo lofuna chiphaso pa nyumba zamalonda linali lovomerezeka, koma mu 2020 aphungu a chigawocho analifewetsa okha, kotero kuti kulembetsa kunakhala kosakakamiza, ngakhale kuti wolembetsa ndi amene ali ndi mphamvu yosainira ndi kudinda mapulani opita kukapemphera chilolezo chomangira. Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza chiphaso chotere, ndipo mabungwe monga British Institute of Interior Design ndi amene amaunika mamembala awo.

Maganizo anga ndi akuti chiphaso chizitsata kukula kwa ngozi. Wokonza chipatala, sukulu, hotela kapena holo ayenera kusonyeza umboni wakuti amadziwa malamulo, chifukwa anthu olowa m'malo amenewa sanamusankhe ndipo sangathe kuyesa okha ngati kapeti ndi yosayaka msanga. Wothandiza banja kusankha mipando ya pabalaza asiyidwe agwire ntchito yake mwamtendere.

Koma pali zina zimene pepala silingapereke, ndipo zimakhudza tonse, a chiphaso ndi opanda chiphaso omwe. Mgwirizano uzikhala wolembedwa. Ngati wogulitsa mipando amakupatsani komishoni mukamubweretsera kasitomala, kasitomalayo adziwe zimenezo musanamulangize kokagula, apo ayi malangizo anu asanduka malonda obisika. Chovuta kwambiri ndi kudziwa pamene nzeru zanu zathera.

Tsiku lina mwini malo odyera anandipempha kuti ndichotse khoma lina kuti pakwane matebulo ambiri, komanso kuti nditseke khomo lakumbuyo ndi shelefu yaikulu. Ndinamuuza kuti za khomalo ayambe waitana injiniya adzaone ngati likunyamula denga, ndipo za khomo lothawira ndinakana kwamtuwagalu. Sanasangalale nazo, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa wina. Mpaka lero ndikadutsa pamalopo ndimasuzumira kuti ndione ngati khomo lija likutseguka.