Sabata imodzi pa msewu wa makontilakitala awiri

Lolemba ndi tsiku loyeza ntchito. Msewuwu akuumanga makampani awiri, ina yakunja ina yakuno, pa mgwirizano wogwira ntchito imodzi limodzi n'kugawana phindu (joint venture), ndipo oyeza a mbali zonse amayenda limodzi ndi injiniya wa mwini ntchito kuwerenga makyubiki mita a dothi ndi miyala imene yathiridwa. Apa palibe chobisirana: satifiketi ya malipiro ndi imodzi, ndalama zimalowa mu akaunti imodzi yosainira anthu awiri.

Mikangano imayamba Lachiwiri, pa makina. Giredala, chigayo cha miyala ndi makina oyala phula ndi a kampani yakunja, ndipo imawabwereketsa ku mgwirizano pa ola. Mtengo wa ola ukakwera pang'ono chabe, phindu limathera m'thumba mwake nthawi yogawana isanakwane. N'chifukwa chake mitengoyo imalembedwa mu mgwirizano ntchito isanayambe, ndipo maola timawerenga pa mita ya injini, osati m'kope la foromani. Maola amene makina angokhala chifukwa cha mvula ali ndi mtengo wake wotsika. Nawonso akuno si angelo: matipa awo onyamula mchenga amafunika kuwerengedwa chimodzimodzi.

Lachitatu munyuzipepala munatuluka tenda ya msewu wina, ndipo kampani iliyonse ipikisana payokha. Zikatero ofesi imasintha. Chuma cha kontilakitala chagona pa kawerengedwe ka mitengo yake: amagula phula kwa ndani, pa mtengo wanji, amaikapo phindu lochuluka bwanji. Mapepala amenewa sakhala pa kompyuta ya onse, ndipo wowerengera tenda yatsopano saloledwa pa misonkhano ya ndalama za msewu uno. Kunong'onezana mitengo ya tenda ndi mlandu pansi pa lamulo la mpikisano pa malonda limene bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda la CFTC limayang'anira. Kulandana antchito nako kumayambira pomwepa, makamaka a ku labu yoyeza dothi. Ndime yoletsa zimenezi ikasowa mu mgwirizano, amene waphunzitsa munthu ndiye amaluza.

Lachinayi komiti ya mgwirizanowu inatha tsiku pa nkhani ya dola. Phula ndi zipangizo za makina zimagulidwa kunja, pomwe malipiro a antchito ndi a makwacha. Chichitikireni zija za Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, palibe amene amafuna kusenza yekha gawo la makwacha.

Lachisanu tinasainira limodzi kalata yopempha masiku owonjezera chifukwa mapolo a magetsi sanachotsedwebe m'njira. Kontilakiti za FIDIC, zomwe zimatsatira malamulo a bungwe la mainjiniya la dziko lonse, zimapereka masiku 28 odziwitsa injiniya, apo ayi pempho lafa. Zimanenanso kuti mwini ntchito angathe kugwira aliyense mwa awirife pa ntchito yonse, kotero mnzathu akachedwa, chindapusa cha tsiku ndi tsiku chimadulidwa pa satifiketi imodzi ija. Kalatayo inapita nkhomaliro isanakwane.