Agogo Abwera Kudzaona Chiliza Chawo

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikulemba sewero la kanema lanthabwala, ndipo munthu amene wandivuta kwambiri kumuika papepala ndi agogo aakazi amene nkhani ikamayamba amakhala atatsikira kale kulichete. Zonse zikuchitika m'sabata yovundukula chiliza chawo, pamene ana ndi adzukulu asonkhana kumudzi kuchokera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, koma m'malo mokambirana za chakudya cha alendo, ayamba kulimbirana dimba ndi nyumba ya malata imene malemuwo anasiya.

Poyamba ndinawalemba ngati mzukwa wogogoda zitseko usiku, koma masamba amenewo ndinawang'amba, chifukwa kwathu kuno mzukwa ndi mzimu wa kholo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makolo athu ankathira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo pokhulupirira kuti womwalira amakhalabe wa m'banjamo, amabwera kumaloto, amadandaula akaiwalidwa, ndiponso amadzudzula ana akasokonekera. Agogo otere saopseza munthu, ndipo ine sindikufuna kuti owonera awaseke. Chosekedwa chikhale khalidwe la amoyo.

Gawo limene ndimalikonda ndi la msonkhano wa pakhonde. Amalume, amene monga mwinimbumba ayenera kusunga mtendere, akuimirira, kukonza kolala ya jekete, n'kulengeza kuti mayi awo asanamwalire anawanong'oneza kuti dimba ndi lawo. Agogo akhala pamkeka pafupi ndi mtondo wawo, atamanga mpango kumutu, ndipo akuwaona ndi kamdzukulu ka zaka 6 kokha. Mwanayo akugwada mwaulemu n'kunena kuti, "Agogo akuti sanalankhulepo zimenezo, ndipo akuti mubweze khasu limene munabwereka." Palibe amene akuyankha, koma aliyense akukumbukira kanthu kamene nayenso anatenga m'nyumbamo tsiku la maliro.

Nthabwala imeneyi ili ndi ululu pansi pake, ndipo ndikuudziwa bwino, pakuti ndinaonapo abale akutulutsa mipando m'nyumba ya masiye anthu asanabalalike pasiwa. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye mu 2011, limene limaletsa kulanda katundu wa womwalira, komabe m'midzi yambiri amasiye amaopa kukasumira achibale awo. Kamwana ka m'seweroli kakunena poyera zimene akulu amangong'ung'udza kuseri kwa nkhokwe.

Olemba makanema amawerengera kuti tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi, choncho ndikulinga masamba 90. Chimene chandiimitsa pakadali pano ndi kutsanzikana. Ndalemba kuti usiku womaliza agogo akuyendera ana awo ali m'tulo, akufunditsa chitenje mwana wawo wamkazi amene wagona kukhitchini, kenako akuima nthawi yaitali pambali pa amalume aja, popeza nawonso ndi mwana wawo woyamba, ndipo khasu lija lili kale pakhomo.