Mwana wa Giredi 3 amene sanayambe kuwerenga

Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma muno mu Zambia ndi zaulere, ndipo ana a m'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Chawama ndi Misisi adzaza m'makalasi. Zimenezo n'zabwino. Koma mphunzitsi mmodzi akakhala ndi khamu lotere, amalemba pabolodi, ana n'kumakuwa onse pamodzi: "ma, me, mi, mo, mu!" Mwana amene sakuzindikira zilembo amangotsatira pakamwa pa anzake. Amapita Giredi 2, kenako Giredi 3, palibe amene waona vuto. Pamene masamu ndi sayansi ziyamba kufuna kuti aziwerenga funso yekha, amalephera zonse nthawi imodzi, anthu n'kumati ndi mbuli. Ena otere ndi amene amathera pa Soweto Market kunyamulira anthu katundu.

Kumuyesa sikufuna ndalama. Lembani mawu asanu pa katoni, osati ochokera m'buku lake, chifukwa amenewo analoweza. Yambani ndi osavuta: mama, dimba, nyumba. Kenako ovuta: nkhuku, ng'ombe. Akamayang'ana nkhope yanu m'malo mwa katoni, kapena akaona "nkh" n'kuima, bwererani ku a, e, i, o, u. Phatikizani chilembo chimodzi patsiku, mphindi 15 zokha, kusanade. Zilembo zophatikiza monga mb, nd, ng' ndi tch zibwere pambuyo. Mukazifulumizitsa, mwana amayamba kulotera.

Pali msampha wina wa muno mu Lusaka. Kunyumba mwana amati "nifuna", buku likuti "ndifuna". Sanalakwe kuwerenga, Chinyanja cha m'tauni n'chosiyana ndi cha m'buku. Muuzeni kuti awerenge zimene zalembedwa, musamuseke.

Za chikwapu ndinene mosabisa: mwana womenyedwa akalakwitsa amaphunzira kukhala chete, ndipo wachete simungadziwe pamene wasochera. Njala nayonso. Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ngakhale kaphala pang'ono kothira nsinjiro m'mawa kamathandiza kuti asawodzere m'kalasi.

Kholo losadziwa kuwerenga lisadzione ngati lilibe gawo. Likhale pafupi, limve mwana akuwerenga mokweza thumba la ufa kapena chikwangwani cha pa kantemba, limufunse kuti mawuwo akutanthauza chiyani. Ndipo mukapita kusukulu, musangofunsa nambala imene watenga. Funsani aphunzitsi ngati pali makalasi a Catch Up, amene amaika ana a Giredi 3 mpaka 5 m'magulu molingana ndi zimene akutha kuwerenga, ndi gulu limene mwana wanu ali.